Ufa Umene Unalowa pa Siwa

Mwana wanga wachisamba anayamba kutupa mapazi mvula ili pakati, chaka chachiwiri chilowereni matipate. Anali kamtsikana ka zaka ziwiri, kosiya kuyamwa msanga chifukwa mawere anga anali atauma. Ndikadina chala paphazi pake pankatsala kadzenje, ndipo ndinkakhala ndikukayang'ana mpaka maso kuwawa, iko osabwerera. Tsitsi linafiirira n'kupyapyala ngati ndevu za chimanga. Kulira kwenikweni anasiya, ankangobuula chapansipansi. Ukamukhazika pamphasa n'kupita kudambo, pobwera unkamupeza pomwepo, ntchentche zili m'maso, iye osaziingitsa n'komwe.

Kwathu ndi kufupi ndi Chezi, koma ine ndinapita chitengwa kwa amuna anga, mudzi wa m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Amene anakhalapo mtengwa akudziwa. Umatunga madzi a mudzi wonse, umalira maliro onse, koma ukalakwa pang'ono amakukumbutsa njira imene unadzera. Chaka chimenecho amuna anga anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Feteleza anali atakwera mtengo moti tinkangomuonera m'matumba a anzathu, ndiye iwo anati bola akayese utenanti. Anandisiya ndi amayi awo, apongozi anga, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga, komanso mlongo wawo wamkulu, alamu anga, mayi wa pakamwa pakuthwa amene ankayendetsa zonse za akazi pamudzipo.

Njala inalipo, ndipo ubwino wa matipate unali wakuti tsopano tinkatha kuitchula dzina mokweza. Kale ukafuna kunena kuti kuno kuli njala unkayamba wayang'ana kumbuyo. Tsopano amuna ankakhala pansi pa mkuyu n'kumainena tsiku lonse, kudzudzula boma lakale ndi latsopano lomwe, ena n'kumaseka kuti bola alendo othawa nkhondo amene ankafika ku Dzaleka, iwo amalandirako ufa. Dzuwa likalowa aliyense ankabwerera kwake kukadya nkhwani wopanda nsima.

Za mwana wanga anthu anali atagamula kale. Ankati ndi tsempho, matenda amene amagwira mwana makolo ake akaphwanya mwambo wa m'nyumba. Ena ankaloza amuna anga ku esiteti kuja, koma ambiri ankaloza ine, poti ndine ndinali pafupi, komanso ndinalibe mlongo pamudzipo wondiyankhira. Apongozi anabwera ndi mizu, ndinamumwetsa, mapazi n'kumatupirabe. Tsiku la sikelo litakwana ndinamubereka, kutsetsereka phiri, kuwoloka mtsinje madzi ali m'chiuno, mpaka kukafika pakachipatala kamene kankathandiza midzi yathu.

Anamwino anamupachika pasikelo, anamudina phazi monga ndinkachitira ine, ndipo sanandikalipire. Zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anandipatsa ufa wa likuni, uja wa chimanga chosakaniza ndi soya, wachikasu, wonunkhira ngati mtedza wokazinga. Atauthira m'jumbo anandigwira dzanja.

"Mayi, mundimvetse. Ufa uwu ndi wa mwezi wathunthu, ndipo ndi wa mwana uyu yekha. Si wa inu, si wa ana a achemwali anu, si wa alendo. Ukatha msanga simupeza wina mpaka tsiku la sikelo. Mwana uyu akadumpha masiku osadya, sindikudziwa ngati tidzamuonenso."

Panja akazi anzanga olandira anali ndi nzeru zambirimbiri. Wina anati thirani gaga wochuluka, mwana sadziwa. Wina anati iye amayamba wapatsa bambo a m'nyumba kuti asakwiye. Wina anangoseka, ati wake umatha sabata imodzi, zotsalazo amadziwa Mulungu. Ndinayang'ana ana amene anabereka kumbuyo, ndipo sindinatoleko nzeru ya aliyense. Jumbo yanga ndinaikulunga m'chitenje kuti ioneke ngati zovala. Ufawo unali wochepa, ndipo aliyense wophika akanauona akanadziwa kuti kufika nawo kumapeto kwa mwezi ndi nkhondo.

Kunyumba ndinauthira m'chitini cha mabisiketi chimene ndinabwera nacho ku ukwati, n'kuchipachika kudenga ndi luzi kuopa makoswe ndi chinyontho. Ndinayendayenda m'dambo mpaka ndinapeza kabango ka mfundo zoyandikana, ndinakadula kutalika kofanana ndi ufa wa m'chitinimo, mfundo iliyonse sabata yake. Lamulungu lililonse ndinkakazika mu ufa, ndipo ufa ukatsika kupitirira mfundo yake ndinkadziwa kuti dzanja langa lalemera. Muyeso unali chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Ndinkachidzaza n'kudula pamwamba ndi mpeni, wogwa ndinkaubwezera. Wokakamira kuzala sindinkaunyambita, ndinkautsukira mumphika momwemo. Kuti phala lichuluke ndinkasinja nkhwani kapena bonongwe n'kuthiramo, tsiku lamwayi ndinkaperamo ziwala zokazinga. Ineyo ndinkadya bowa wa m'phiri, ndi gaga amene ankandilipira ndikagwira ganyu wosoka fodya. Sindinama, phala likamawira malovu ankandidzaza mkamwa mpaka ndinkalavulira kumbali, ndipo ndinkadana nayo mimba yangayi ngati munthu.

Koma vuto lalikulu linali fungo. Likuni sabisika. Tsiku loyamba kuphikira pakhomo, phala lisanawire n'komwe, ana a pamudzi anali atazungulira kale, ali chilili, manja kumbuyo, osapempha, kungoyendetsa maso potsata supuni. Pakati pawo panali ana a alamu anga. Pamudzi ngati uja, kudyetsa mwana wako wa mnzako akuyang'ana ndi mlandu woposa kuba. Ndinawapatsa msana n'kumwetsa wanga, mtima ukundipweteka, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mtengwa wa ku Chezi ndi waumbombo.

Kuyambira pamenepo ndinkaphikira kumunda. Munda wathu unali pamwamba, m'mbali mwa phiri, ndipo unali ndi chilindo, kanyumba kaudzu kolonderamo anyani. Chimanga chinali chitangoyamba kubereka, m'kati muli madzi okhaokha, koma anyani anali atayamba kale kuyendera, choncho ndinali ndi chonamizira chokwerera m'mawa uliwonse. Ufa wa tsikulo ndinkaumanga pakona pa chitenje, mwana kumbuyo, kamphika m'manja. Kumeneko fungo linkapita ndi mphepo. Sabata yoyamba inatha ufa uli ndendende pa mfundo yake. Yachiwiri isanathe kadzenje ka paphazi kanayamba kubwerera msanga, ndipo tsiku lina mwana anandilanda supuni kuti adye yekha. Ndinayamba kupezako tulo.

Kenako kunagwa maliro. Anamwalira mlongo wawo wa apongozi, malume a amuna anga, nkhalamba imene inadwala nthawi yaitali.

Mwambo wake ndi wodziwika. Maliro akagwa, khomo lililonse limasonkha mbale ya ufa kuti adye adzukulu, amuna okumba manda aja, pamodzi ndi alendo ochokera kutali. Chaka chabwino palibe amadandaula. Chaka chimenecho anthu ankakokota pansi pa madengu, wina gaga, wina ufa wa chinangwa, wina wa nthochi zouma. Koma kusonkha ankasonkha ndithu, chifukwa aliyense ankadziwa chimene chimagwera khomo lokana. Tsiku lako likafika adzukulu amangokhala pansi, makasu ali pambali, mtembo n'kumaonongeka m'nyumba mpaka utapepesa ndi mbuzi. Ine ndinalibe ngakhale nkhuku.

Alamu anga anabwera m'mawa ndi lichero, akazi awiri ali pambuyo.

"Odi kuno, alamu. Tikusonkha ufa wa pasiwa."

Siwa ndiyo nyumba ya maliro, momwe mwagona mtembo ndi pomwe anthu amasonkhana. Ndinatuluka, ndinagwada mwaulemu, n'kuwauza kuti ufa ndilibe, koma nkhuni ndibweretsa ndipo madzi nditunga tsiku lonse.

"Mulibe ufa?" Maso awo anadutsa pamutu panga n'kukwera kudenga, pomwe panali chitini. "Nanga umene mumakwera nawo kuphiri m'mawa uliwonse uja ndi mchenga?"

"Uja ndi wa mwana, alamu. Akuchipatala adati..."

"Akuchipatalawo adzabwera kudzakumba?" Anatsitsa mawu, ndipo kutsitsako ndiko kunandilasa. "Alamu, ine sindikukufunirani zoipa. Mwana wanuyo tonse tikumuona momwe alili. Maliro n'kulirana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbale imodzi yokha, kuti adzukulu adzalikumbukire khomo lino."

Mwana anali kumbuyo kwanga, mpweya wake ukundifunda pakhosi, ndipo munthu ankandiuza kuti ndigule manda ake ndi chakudya chake. Ukali unandikwera mpaka m'makutu. Ndinayankha mawu amene mtengwa sayenera kuyankha.

"Mwana wanga sadafe. Ufa sindipereka."

Anachoka osatsanzika. Apongozi anali atakhala pakhonde pawo, maso atatupa ndi kulira mlongo wawo, ndipo anamva zonse.

Ndinatseka chitseko ndi kamtengo, poti loko tinalibe, ndinatenga ndowa n'kuyamba ntchito imene ndinalonjeza. Chitsime chinali kutsidya kwa dambo. Ndinkatunga, kutula, kubwereranso, mwana ali kumbuyo. Ulendo wina nditafika kuseri kwa siwa, komwe akazi ankakonzekera zophika, ndinatula ndowa pafupi ndi dengu lalikulu lothiramo ufa wosonkhedwa. Fungo ndilo linayamba kundipeza. Nditasuzumira, pamwamba pa gaga wotuwa uja panali mulu wachikasu, woonekeratu kuti wangothiridwa kumene. Pambali pa dengu panali mbale ya apongozi, ya maluwa ofiira yobenthuka m'mphepete, m'kati mudakali fumbi lachikasu.

Ndikanayamba ndaganiza sindikanachita. Ndinagwada, ndinavula duku pamutu, ndinaliyala pansi n'kuyamba kutapa ufa wanga ndi manja awiri. Ndinkatapa mosamala, kupewa gaga, ngakhale wina analowa ndithu. Nyimbo ya maliro inkamveka kutsogolo kwa nyumba, koma kuseri kuno akazi onse anasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Mthiko wa munthu unagwa pansi, palibe anautola.

Woyamba kulankhula anali mayi wina wachikulire amene ankayang'anira zophika. Sanakalipe. Analankhula ngati akuchenjeza munthu amene waima pafupi ndi njoka.

"Mwanawe, bweza. Chalowa pasiwa sichibwerera kunyumba. Ufa umenewo ndi wa malemu tsopano. Ukamudyetsa mwana, amutenga."

"Asiyeni," anatero alamu anga. "Adzukulu amva."

Ndinamanga duku, ndinaimirira.

"Akamva amve. Akafa ndikumba ndekha."

Ndinadutsa pakati pawo mutu uli pamtunda, ndowa ndinaisiya pomwepo.

Kulimba mtima konseko kunathera panjira, pakuti zimene ananena mayi uja inenso ndinkazikhulupirira. Ndinakulira momwemo. Pochoka kumaliro umasamba usanagwire khanda, ndipo chakudya cha pasiwa chimathera pasiwa. Nditafika pakhomo panga ndinalephera kulowa nalo dukulo. Ndinapitirira mpaka kumunda, ndinaliika mumphika wadothi lili chimangire, ndinavindikira ndi phale, mwala pamwamba, n'kukankhira mphikawo pakona pa chilindo. Nditabwerera kunyumba ndinatsitsa chitini n'kuzika kabango. Apongozi sanatape mwaulesi. Panasowa mfundo yathunthu, chakudya cha sabata yonse.

Maliro atatha ndinawalowera apongozi m'nyumba popanda odi. Anali atakhala pamphasa, kabotolo ka fodya wamphuno kali m'manja, osatsegula.

"Amayi, mudalowa m'nyumba mwanga."

"Ndidalowa."

"Mudaba chakudya cha mwana wodwala."

"Amake mwana, khalani pansi." Sindinakhale. "Ine ndaika ana atatu m'nthaka ino. Awiri adatupa mapazi chomwechi. Ndikuwadziwa mapazi amenewo. Wina adafa chaka chimene bambo ake adakangana ndi mudzi, ndipo adagona m'nyumba mpaka fungo, anthu akungodutsa panja. Sindifuna kuzionanso. Ndidati ngati apite, apite ngati munthu."

"Ndiye kuti inu mwamuika kale m'manda mumtima mwanu."

Ndinatuluka ndi ukali womwewo, koma tsopano unasakanikirana ndi mantha, chifukwa mayiyo sankanama ndipo sankadana nane. Anali ataona zinthu zimene ine ndinali ndisanazione.

Mudzi unandifulatira. Kuchitsime ndikafika nkhani zinkaduka. Moni ankayankha ndi mphuno. Amene ankandipatsa ganyu wosoka fodya anati ntchito yatha, ine ndikuona masamba ali mbwee m'chigafa choumitsira fodya. Palibe anabisa zimene ankayembekezera. Mwana akafa adzati mtengwa wamupha ndi ufa wa pasiwa, ndipo amuna anga pobwera ku esiteti adzapeza mlandu utaweruzidwa kale, ine nditalozedwa njira ya ku Chezi. Kuwatumizira uthenga kunali kosatheka, wouyendetsa panalibe, ndipo tenanti sachoka fodya ali m'munda.

Ndinaganiza zotambasula ufa wabwino wotsalawo kuti ufike tsiku la sikelo popanda kukhudza wa mumphika uja. Chivindikiro ndinasiya kuchidzaza. Ndinayamba kuthira cha pakati, kenako kuchepera apo, nkhwani n'kumachuluka, mpaka phala linasanduka madzi obiriwira. Mwana ankamwa, n'kusuzumira mumphika, n'kundiyang'ana ine. Sizinatenge nthawi. Supuni anasiya kulanda. M'mawa wina nditadina phazi kadzenje kanakhala, ndinadikira, kanakhalabe. Kutupa kunakwera kufika m'miyendo, ndipo kuseri kwa mawondo khungu linayamba kusupuka. Ndinaganiza zothamangira kuchipatala kukawagwadira, koma mvula inagwa masiku otsatizana ndipo mtsinje unadzaza mpaka unakokolola ng'ombe ya munthu. Pofuna kupulumutsa sabata imodzi ndinali nditataya zonse zimene ndinapindula.

Masiku amenewo ndi pamene mawu anga aja anandibwerera, akuti ndikumba ndekha. Pakamwa pamathamanga, koma khasu ndi lolemera. Tsiku lina ndili kumunda ndinadzizindikira ndikuyang'ana pansi pa mtengo wa msuku kumapeto kwa mizere, ndikuganiza kuti pamenepo dothi ndi lofewa, miyala ndi yochepa, mkazi akhoza kukumba yekha. Nditazindikira chimene ndinkaganiza ndinadzimenya mbama, ndinamukumbatira mwana mpaka anabuula. Khasu ndinalibisa m'chimanga kuti ndisamalione.

Ndinabwerera ku muyeso wodzaza, ndipo chitini chinatha msanga monga ndinkadziwira. Ndinachigogoda, ndinachitsukuluza, madziwo ndinamuphikira. Tsiku la sikelo linali lidakali kutali ndithu. Mawa lake mwana anangomwa msuzi wa nkhwani, ndipo anausanza.

Kutacha ndinakwera kumunda. Kunali nkhungu, udzu uli chonyowa, mutu wa mwana ukugwera uku ndi uku kumsana kwanga. Ndinachotsa mwala, ndinachotsa phale, ndinamasula duku. Ufa unali bwinobwino, utangochita timibulu pang'ono ndi chinyontho, fungo lake lomwe lija. Ndinaukazinga pang'ono paphale kuti uume, ndinaufikisa ndi zala, ndinayesa chivindikiro chodzaza n'kuphika. Zonsezi manja ankachita okha. Phala litapsa ndinalithira m'kambale, ndinaliuzira, ndinamukhazika mwana pamiyendo n'kutapa supuni. Apo ndiye panathera nzeru zanga. Ndikayandikiza supuni ndinkamva mawu a mayi uja akuti amutenga. Ndikaibweza ndinkamva a anamwino. Mwana anatsegula pakamwa kudikira, ine dzanja lili m'malere, phala likuzizira. Ndinayesa kupemphera koma sindinkadziwa chopempha, kuti Mulungu andiletse kapena andikankhe.

Kenako ndinamva ndodo ikugunda miyala kumunsi. Anali apongozi, akukwera pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba, chitenje chitanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Mawondo anali atawavuta zaka zambiri, ndipo kumunda wa kuphiriko anali atasiya kalekale kufikako. Anali ataona utsi, ndipo ankadziwa kuti chitini chinatha. Ndinakokera mbale pachifuwa. Ndinali wokonzeka kulimbana ndi nkhalamba ngati akanafuna kulitaya phalalo.

Anakhala pansi pakhomo pa chilindo mpaka mpweya unabwerera.

"Ndi uja?"

"Ndi womwewo."

"Wadya?"

"Ayi."

"Bweretsani kuno mwanayo. Ndi supuni yomwe."

"Amayi, mukalitaya phala ili, ine ndi inu..."

"Ndati bweretsani." Anatambasula manja. "Ufa umenewu ndidaupititsa pasiwa ndine. Ngati uli ndi imfa, ilowe ndi dzanja langa. Inu angakuthamangitseni, ndinu mlendo. Ine mudzi uno ndi wanga, andithamangitsira kuti? Pochoka ndamuuza mlamu wanu kuti ndikukamudyetsa ndine, ndipo ndanena mokweza kuti amve ndi a nyumba zina."

Ndinawapatsa. Anamukhazika pamiyendo n'kutapa, phala lina linatsikira pachibwano. Analikokota ndi chala n'kulibwezera mkamwa. Mwana anameza. Anatapanso. Ine ndinayang'ana kumbali, kuchimanga, kenako ndinalephera kupirira, ndinayang'ananso. Anamaliza mbale yonse n'kugona pomwepo pachifuwa pa agogo ake.

Tinakhala pomwepo kudikira. Nkhungu inachoka, dzuwa linakwera, anyani anatsika n'kumathyola chimanga kumapeto kwa munda ife tikuona, palibe anadzuka kukawapirikitsa. Maso athu anali pakamimba kaja, kakakwera, kakatsika. Pena kankachedwa kukwera, apongozi n'kuika khutu pamphuno pake, ine mtima uli m'mwamba, ndikudikira kuti nkhope yawo indiuze. Mwendo unawachita dzanzi koma sanasunthe kuopa kumudzutsa, kenako anayamba kuopa kuti sakudzuka. Dzuwa litapendeka mwana anatsegula maso. Anayang'ana agogo ake, anayang'ana kamphika, n'kuloza.

"Phikani lina," anatero apongozi.

Kuyambira tsiku limenelo ankakwera phiri m'mawa uliwonse, kaya mvula kaya dzuwa, ndodo patsogolo. Ine ndinkaphika, iwo ankadyetsa. Ndikati ndiwapumuze ankandimenya dzanja. Ufa wa pasiwa uja, supuni iliyonse inalowa mkamwa mwa mwana wanga ndi dzanja lawo. Kutupa kunayamba kutsika, mtsinje nawo unaphwa, ndipo pamudzi ena anayambanso kuyankha moni ndi pakamwa, ngakhale alamu anga anatenga nthawi. Ufa unatha m'mawa wa tsiku la sikelo lenilenilo. Ndinakutumula duku pamwamba pa mphika kuti fumbi lomaliza ligwere momwemo.

Mwana akumaliza phala lomalizalo, mtima wanga unali utapepuka moti ndinafuna kuwaseka pang'ono.

"Amayi, mwaona nanga? Ufa uja udalibe kanthu. Timangodziopseza tokha."

Sanaseke. Anapukuta pakamwa pa mwana ndi chala n'kundipatsa kuti ndimubereke, tiyambe ulendo wa kusikelo.

"Musatero, amake mwana. Ine sindidasinthe maganizo. M'mawa uliwonse ndakhala ndikukwera phiri lino ndikudziwa kuti mwina lero ndilo tsiku limene ndimuphe."